Giyabokosi ya makina otembenuza udzu: fufuzani chaipha musanagule ina

Giyabokosi yoyamba ya makina otembenuza udzu imene ndinaikonza ndekha inangokhala masiku atatu. Ndinaika mabering'i atsopano, ma seal atsopano (timphete talabala totsekera oyilo kuti asachuche), ndinathira oyilo wabwino, ndipo nditaizunguza ndi dzanja pabenchi inkayenda myaa, popanda ndi kaphokoso komwe. Tsiku lachinayi mwini wake anabwera nayo m'thumba, chigoba chake chitang'ambika kuyambira polowera shafiti mpaka pabawuti lapansi. Anangoiika pansi osanena kanthu. Ine mutu unaima, chifukwa ndinkadziwa kuti m'katimo sindinalakwitse paliponse. Zinadziwika titapita kukaona makinawo. Bamboyo anali atasintha thirakitala, ndipo yatsopanoyo inali ndi mikono yonyamulira yaifupi. Shafiti ya PTO, ija ya mapaipi awiri olowana imene imatenga mphamvu kumbuyo kwa thirakitala kupita ku makina, inatalika. Nthawi iliyonse akakweza makina kuti akhote kumapeto kwa munda, mapaipi a shafiti ankafika pothera n'kukankha giyabokosi ndi mphamvu yonse ya haidiroliki. Matenda amene anaiwononga poyamba ndi omwewo, koma ine ndinangosoka bala osafunsa chimene chinabaya.

Kuyambira tsiku limenelo sindimasula giyabokosi ndisanaone makina onse pamodzi ndi thirakitala imene imawakoka. Magiya a makinawa safa okha kawirikawiri. Amaphedwa ndi zinthu zakunja, ndipo zambiri mwa izo mutha kuziona osagwira ndi sipanala yomwe.

Njira imene mphamvu imadutsa

Mtundu wa makinawa umene wafala masiku ano, wa mitu yozungulira yokhala ndi zala zotola udzu, unatulutsidwa ndi kampani ya Fahr ya ku Germany mu 1961, ndipo kaya makina anu ndi a Kuhn, Claas, Krone, Pöttinger kapena Vicon, kapangidwe kake sikasiyana kwenikweni. Mphamvu imachoka ku PTO, ija ya mizere 6 yozungulira ka 540 pa mphindi, n'kulowa mu giyabokosi yapakati. Mmenemo muli magiya a mano opendekeka amene amaikhotetsa kuti ipite kumanzere ndi kumanja kudzera mu shafiti yopingasa, imene nthawi zambiri imakhala ya mbali 6 ngati pensulo. Pamwamba pa mutu uliwonse pali kagiya kakang'ono, pinion, kamene kamazunguza giya yaikulu yogona ngati mbale, crown. Pansi pa crown ndi pomwe pamangidwa mikono, 5, 6 kapena 7, ndipo kunsonga kwa mkono uliwonse kuli zala zachitsulo zotola udzu. Mitu imagwira ntchito iwiriiwiri, umodzi kuzungulira chakumanja, unzake chakumanzere. Imakokera udzu pakati pawo n'kuuwaza kumbuyo.

Popeza pinion ndi yaing'ono ndipo crown ndi yaikulu, mutu umazungulira pang'onopang'ono kuposa PTO. Tinene kuti pa makina anu PTO ikazungulira katatu mutu umazungulira kamodzi. Ndiye kuti mutu ukupanga maulendo 180 pa mphindi, atatu pa sekondi. Ngati mutuwo ndi wa mamita 1.5 kupingasa, nsonga ya chala ikuthamanga mamita 14 pa sekondi, pafupifupi makilomita 50 pa ola. Chala chimenecho chikagunda chitsa, nkhonya yake imabwerera kudzera mumkono, mu crown, mpaka pa dzino limodzi kapena awiri a pinion amene alumana panthawiyo. Kachitsulo kochepa ngati chikhadabo ndi kamene kamalandira zonsezo.

Musanakhudze chilichonse, zimitsani injini, chotsani kiyi, dikirani mitu iime, ndipo mapiko opindika muwatsitse pansi kapena muwakhome ndi loko wake. Shafiti ya 540 imazungulira ka 9 pa sekondi imodzi. Ikakola malaya, munthu alibe nthawi ngakhale yokuwa.

Yambani ndi shafiti

Kolekani makina kuthirakitala koma shafiti muisolole pakati, ikhale zigawo ziwiri. Chigawo chimodzi chilowe ku thirakitala, china ku giyabokosi. Tsopano pezani pamene mtunda umafupika kwambiri. Pa makina onyamulidwa ndi mikono ya thirakitala, pamenepa ndi pomwe nsonga ya PTO ndi nsonga ya giyabokosi zayang'anizana pa msinkhu umodzi. Pa makina ochita kukoka, ndi pomwe mwakhota mpaka pothera, kapenanso thirakitala ikayamba kukwera chitunda makina akadali m'munsi. Gundanitsani zigawo ziwirizo m'mbali n'kuyang'ana. Paipi iliyonse iyenera kutsala ndi mpata wa masentimita osachepera 2.5 isanagunde mphanda ya inzake. Ngati palibe mpata, mwampeza wakupha.

Kudula si kovuta, koma dulani mofanana. Mukachotsa masentimita 4 ku paipi yam'kati, chotsaninso 4 ku yakunja, ndi 4 ku chivindikiro chapulasitiki cha mbali iliyonse. Salazani m'mphepete ndi tupa, pukutani tizidutswa tonse, pakani girisi, muone ngati ikutsetsereka ndi dzanja. Paipi yadzimbiri imene siitsetsereka imakankha giyabokosi chimodzimodzi ndi yaitali, ndipo anthu ambiri amaiwala zimenezi. Kenako onani mbali inayo: pamene shafiti yatambasuka kwambiri, mapaipi azilowana kosachepera gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwawo, ndipo pogwira ntchito ndi bwino azilowana theka.

Makolosi, tija timitanda ta m'mfundo za shafiti, agwedezeni ndi dzanja. Akamagwedera, kapena mukaona fumbi lofiira likutuluka m'makapu ake, atha. Kolosi wamba sakondwa kugwira ntchito nthawi yaitali atapindika kupitirira madigiri 25, ndipo akapindika kwambiri shafiti imazungulira modukiza, kuthamanga n'kuchedwa kawiri paulendo uliwonse. Mano a giyabokosi amamva kudukizako ngati kumenyedwa ndi hamala. Choncho mukamakweza makina pamwamba penipeni, PTO izikhala yozimitsa.

Klatchi ndi imene anthu amaipusitsa

Makina a mitu inayi, otambalala mamita 5, thirakitala ya mahosipawa 30 imawakwanitsa bwinobwino. Koma ambiri amawakoleka ku ya mahosipawa 90 kapena 100 chifukwa ndi imene ilipo. Palibe cholakwa, bola mudziwe kuti chokhacho chimene chaima pakati pa mphamvu yonseyo ndi mano a pinion ndi klatchi yoteteza imene ili pa shafiti.

Yofala kwambiri pa makinawa ndi ija yolira kwekwekwe katundu akachuluka. M'kati mwake muli timano tokankhidwa ndi masipuling'i, ndipo kulirako ndi kulumpha kwa timanoto. Dalaivala akatopa ndi phokosolo amafuna kulithetsa, ndipo ndinaonapo klatchi ina itawotcheredwa yonse kuti isadzalirenso. Inakhaladi chete. Mlungu womwewo crown ya mutu wachiwiri inaguluka mano anayi. Klatchi ikamalira ikukuuzani kuti mwalowa mofulumira mu udzu wochindikala, kapena zala zikukumba dothi. Chepetsani liwiro la thirakitala, osati kutseka pakamwa mlonda.

Ngati yanu ndi ya bawuti loduka, ikani bawuti la kukula ndi kulimba kumene opanga ananena. Manambala a pamutu pa bawuti, 8.8, 10.9 kapena 12.9, ndi kulimba kwake, ndipo mukaika 12.9 pamalo pa 8.8 bawutilo lidzapirira, giya ndiyo idzaduke. Ngati ndi ya mbale zokhulana, imamatirira ikakhala miyezi osagwira ntchito. Yezani kutalika kwa masipuling'i ake, lembani, masulani manati, ilizeni kwa masekondi ochepa kuti mbale ziterereke, kenako mangani mpaka masipuling'i abwerere pa muyezo uja.

Palinso kayambitsidwe. Lumikizani PTO injini ili pansi, mitu iyambe kuyenda, ndiye muwonjezere moto. Mathirakitala ambiri amakono ali ndi buleki ya PTO imene imaimitsa shafiti mwadzidzidzi, pamene mitu 6 kapena 8 yolemera ikufunabe kuzungulira. Ngati shafiti yanu ilibe klatchi yolola makina kupitiriza okha, tsitsani moto kaye musanazimitse. Ndipo yang'anani kandodo kosankhira liwiro la PTO. Kakakhala pa 1000 m'malo mwa 540, mitu imathamanga pafupifupi kuwirikiza kawiri, ndipo mphamvu yokokera mikono kunja imakula kupitirira katatu.

Chingwe, dothi ndi madzi

Gwadani muyang'ane pansi pa mutu uliwonse ndi kumbali zonse za giyabokosi yapakati. Chimene mukufuna ndi chingwe chomangira mabelo, waya, kapena udzu wautali umene wakulungika pa shafiti. Chingwe chapulasitiki chimadzimanga thi, chimatentha, chimasungunuka, kenako chimalowa pansi pa mlomo wa seal n'kuudula. Oyilo amayamba kuchucha pang'onopang'ono, fumbi la udzu limamumwa, ndipo inu mumangoona chigoba chakuda n'kumati ndi litsiro wamba. Tsiku limene mudzamve kulira m'katimo mudzapeza mwauma gwa. Kampeni kam'thumba ndi mphindi ziwiri madzulo aliwonse zimateteza zimenezi.

Zala siziyenera kukumba. Pamalo osalala, zala zakutsogolo zizingokhudza ziputu za udzu, sentimita imodzi kapena ziwiri pamwamba pa dothi. Mukaona fumbi likutsatira makina, kapena mizere yokandika pansi, mwatsitsa kwambiri, ndipo magiya akulima m'malo motembenuza udzu. Tayala limodzi la pansi pa mutu likaphwa, mutu umenewo wokha umakumba, ndiye pimani mpweya m'matayala onse.

Madzi amalowa m'njira ziwiri: potsuka ndi makina opopera mwamphamvu molunjika pa seal, ndi chinyezi chimene chimasanduka madontho m'chigoba chikamatentha n'kuzizira. Ngati giyabokosi yanu ili ndi kapulagi kopumira pamwamba, kachotseni mukatsuke. Kakatsekeka, mpweya wotentha umasowa potulukira n'kukankha oyilo kudzera pa seal yabwinobwino, inu n'kumasintha ma seal osalakwa.

Kumvetsera ndi kugwedeza

Phokoso limvereni muli pampando wa thirakitala, osati mutaima pafupi ndi mitu. Kulira kwa ng'wiii kosalekeza, kokwera ndi moto, kumasonyeza mano olumana mothina kapena oyilo wochepa. Gu, gu, gu wobwera kamodzi paulendo uliwonse wa mutu ndi dzino loguluka pa crown, ndipo akakhala wofulumira kuposa pamenepo ndi la pinion. Khererere ndi bering'i. Ngwe ngwe wa chitsulo pa chitsulo ndi mikono ya mitu iwiri ikugundana, ndipo pamenepo zimitsani nthawi yomweyo.

Mutagwira ntchito theka la ola, zimitsani zonse n'kuika dzanja pachigoba chilichonse. Kufunda n'kwachibadwa. Chimene ndimafuna ine ndi kusiyana: mitu itatu yofunda, umodzi wootcha moti dzanja silikhalapo masekondi 5. Umenewo ndiwo wodwala.

Tsopano chotsani shafiti ya PTO ndipo muzunguze polowera ndi dzanja maulendo okwanira kuti mitu izungulire kawiri. Pamene pakulimba kapena podumpha, ikani chizindikiro ndi choko. Gwirani nsonga ya mkono muikwezere m'mwamba ndi kuitsitsa. Kugwedera kumeneko ndi mabering'i a mutu, ndipo akagwedera crown imatalikirana ndi pinion, mano n'kumalumana kunsonga kokha mpaka kubenthuka. Kankhaninso mkonowo kutsogolo ndi kumbuyo mnzanu atagwira polowera, muyeze masentimita amene nsonga ikuyenda, mufanizire mitu yonse. Mitu yakunja imasewera kwambiri pang'ono chifukwa mphamvu imadutsa m'mfundo zopindikira, kaya ndi makolosi kapena zala zolowana zimene Kuhn amazitcha Digidrive, Krone OctoLink. Koma mutu umodzi ukamazungulira wokha inzake ili chiimire, musathamangire kugula magiya. Nthawi zambiri changoduka ndi kapini kobowoka pakati kamene kamagwira pinion pa shafiti.

Oyilo naye amalankhula. Mukhuthuleni akadali wofunda m'chidebe choyera. Wotuwa ngati mkaka ali ndi madzi. Wakuda bii wonunkha kupserera anatenthedwa. Pa maginito a pulagi, phala losalala lotuwa ndi kutha kwamasiku onse, koma tizidutswa tonyezimira tokhala ngati mamba a nsomba ndi khungu lolimba la mano kapena la bering'i limene layamba kusendeka.

Kutsegula

Tsukani kunja kaye. Khomani timadontho ndi panchi pa chivindikiro ndi pa chigoba kuti mudzabwezere momwe zinalili, ndipo jambulani ndi foni musanachotse chilichonse, makamaka mbali imene giya yaikulu ya m'giyabokosi yapakati yakhala. Izi si zamasewera. Giya imeneyo mukaibwezera mbali ina ya pinion, zonse zimalowa bwinobwino, mabawuti amamangika, koma mitu yonse imazungulira chobwerera, n'kumaponya udzu kutsogolo. Ndinazichitapo kamodzi, ndipo ndinamasulanso zonse dzuwa litalowa kale.

Kuseri kwa mabering'i ndi pansi pa zivindikiro mudzapeza tizitsulo topyapyala ngati pepala, ma shim. Ameneyu ndiye mwini nkhani. Musawasakanize. Amangeni ndi kawaya, a mbali iliyonse paokha, mulembe kumene achokera.

Yang'anani mano pakuwala. Onyezimira mosalala pakati ndi abwino. Okhala ndi timaenje, osongoka ngati mpeni, kapena obenthuka, atha. Sinthani crown ndi pinion pamodzi, chifukwa yakale inadyeka motengera mnzake wakale ndipo idzadya yatsopano msanga. Kuwotcherera dzino ine ndinasiya. Mano amenewa ndi olimba pakhungu pokha, moto umafewetsa oyandikana nawo, ndipo mumangogula masiku ochepa.

Mabering'i ali ndi manambala a dziko lonse, simufunika kuwafuna m'dzina la makina. Pa ambiri mwa iwo, manambala awiri omaliza mukawachulukitsa ndi 5 mumapeza bowo lam'kati: 6206 ndi ya mamilimita 30 m'kati, 62 kunja, ndipo 6207 ndi ya 35 m'kati, 72 kunja. Zilembo 2RS zikutanthauza kuti ndi yotsekedwa ndi labala mbali zonse. Imene nambala yake ikuyamba ndi 302, monga 30206, ndi ya tizitsulo topendekeka, ndipo imeneyi imafuna kumangidwa mpaka kugwedera kuthe koma izizungulirabe ndi dzanja mongolemererako pang'ono. Poika, menyani kapena kankhani mphete yokhayo imene ikulowa mothina. Mukamenya yakunja pamene ikulowa ndi yam'kati, mipira imadinda timaenje m'njira yake ndipo bering'i yatha isanayambe ntchito. Kuitenthetsa mpaka madigiri 80 a Celsius kumathandiza kuti ingotsetsereka pa shafiti.

Seal nayo ili ndi manambala atatu, monga 35x62x10: shafiti, bowo, kuchindikala. Mbali ya kasipuling'i iyang'ane kumene kuli oyilo. Kulungani tepi pa mizere ya shafiti kuti isacheke mlomo polowetsa, ndipo pakani oyilo pang'ono. Pitsani chikhadabo pamene seal yakale inkakhula. Chikakodwa mu kamzere, yatsopano muikhazike milimita imodzi kapena awiri kutsogolo kapena kumbuyo kuti mlomo ugwere pachitsulo chosalala.

Kulumanitsa mano

Apa ndi pofunika kudekha. Zinthu ndi ziwiri: mpata wa pakati pa mano, ndi malo amene manowo akukhudzana.

Mpata muupime ndi geji ya wotchi ngati muli nayo. Ngati mulibe, dulani kawaya kofewa ka mtovu kowotcherera mawaya a magetsi, kaikeni pakati pa mano, zunguzani kaphwanyike, muyeze kuchindikala kwake. Chitani zimenezi malo atatu kapena anayi kuzungulira crown. Buku la makina likapereka muyezo, tsatirani umenewo, safunsa anadya phula. Likakhala chete, ine pa magiya otsekeredwa a kukula kumeneku ndimafuna pakati pa mamilimita 0.15 ndi 0.30. Mpata ukasowa giya imalira n'kutentha, chifukwa chitsulo chikafunda chimafufuma. Ukachuluka mano amamenyana. Mpatawu umasinthidwa posuntha crown ndi ma shim, kuyandikira kapena kutalikira pinion.

Kuti muone pokhudzana, pakani utoto wabuluu wa amakaniko mopyapyala pa mano anayi kapena asanu a crown. Gwirani crown ndi kansanza kuti ilemereko, muzunguze pinion kutsogolo ndi kumbuyo. Pamene utoto wafufutika ndi pamene mano akugwirana. Chidindo chabwino chimakhala pakati pa msinkhu wa dzino, chopendekera pang'ono kumbali yopyapyala, chifukwa katundu akabwera chimasunthira chokha kumbali yonenepa. Chikakhala kunsonga kwa dzino la crown, pinion ili kutali, ilowetseni. Chikakhala patsinde, yalowa kwambiri, ibwezeni. Mukasuntha pinion mpata uja umasintha, ndiye mupimenso. Nthawi zina ndimamanga ndi kumasula kanayi chisanakhale bwino, ndipo sindiona ngati ndataya nthawi.

Mabawuti wamba a 8.8 ali ndi muyezo wa mphamvu yowamangira, umene umawerengedwa mu Nm: M8 pafupifupi 25 Nm, M10 pafupifupi 49, M12 pafupifupi 85. Pa chigoba cha aluminiyamu chepetsani dzanja, mazinga ake sachedwa kupululuka.

Taiming'i ya mitu

Mikono ya mitu yoyandikana imalowana ngati zala za manja awiri opingasa, ndipo imadutsana osagundana chifukwa cha taiming'i basi. Musanalumikize mutu umene munachotsa, zunguzani woyandikana nawo mpaka mkono umodzi uloze ndendende pakati pa mutu winawo. Mikono iwiri ya mutu winawo ikhale uku ndi uku, mkono uja uli pakatikati. Pa mitu ya mikono 6, mikono imatalikirana madigiri 60, ndiye kusiyana kukhale 30. Musadalire maso. Yezani ndi tepi kuchokera kunsonga ya mkono wapakati kupita kunsonga ziwiri zija, miyezo ifanane.

Ikasiyana, tukulani crown idumphe dzino. Pa crown ya mano 45, mwachitsanzo, dzino limodzi limasuntha mutu madigiri 8. Kusolola shafiti ya mbali 6 n'kuitembenuza mbali imodzi kumasuntha kwambiri: madigiri 60 pa shafiti, amene pa magiya ochepetsa katatu ndi madigiri 20 pa mutu. Yambani ndi mitu iwiri yapakati muzipita kunja. Onaninso kuti palibe mkono wopindika, poti umodzi wokhota ukhoza kukunamizani kuti taiming'i yathawa. Zala nazo pa makina ambiri zili ndi zakumanzere ndi zakumanja.

Chothira m'katimo

Mitundu ilipo itatu, ndipo siilowana. Giyabokosi ya oyilo imafuna oyilo wa magiya, kawirikawiri 80W-90 kapena 85W-140, mpaka pa pulagi ya m'mbali makina ataima mowongoka. Kudzaza ndendende si chikondi: oyilo amachita thovu, amatentha, n'kutulukira pa seal. Oyilo woyamba mukatha kukonza mumusinthe pakatha maola 50, kenako kamodzi pachaka.

Mitu yambiri yotsekeredwa imafuna girisi wamadzimadzi, wolembedwa NLGI 00 kapena 0, amene amayenderera n'kubwerera pa mano. Mukathiramo girisi wamba wa mabering'i, NLGI 2, magiya amaboola njira m'girisimo, iye n'kukakamira m'makoma, mano n'kumayenda ouma m'chigoba chodzaza. Ndinatsegulapo mutu wotero: girisi mbwee mbali zonse, pinion itasanduka yabuluu ndi kutentha.

Makina akale ambiri ali ndi crown yongophimbidwa, yokhala ndi nipo, kachitsulo kopoperapo girisi. Pamenepo girisi wamba ndiye woyenera, koma popani pang'ono, zunguzani mutu ndi dzanja, popaninso, mpaka mutazungulira. Mukapopera malo amodzi, mano atatu okha ndiwo amadya. Makolosi wamba a shafiti amafuna girisi pakatha maola 8 aliwonse a ntchito.

Ngati kugula ina sikungapeweke

Chigoba chikang'ambika podutsa pokhala bering'i, gulani china. Kuwotcherera kumapotoza mabowo ndipo mano sadzalumananso bwino. Tengani nambala ya pachikwangwani cha makina, chifukwa opanga amasintha zam'kati dzina la makina lili lomwelo. Magiyabokosi ambiri amapangidwa ndi makampani ena, monga Comer Industries kapena Bondioli & Pavesi a ku Italy, ndiye chigobacho chikhoza kukhala ndi kachikwangwani kakekake. Kapaleni ndi bulashi mukawerenge.

Yofanana maonekedwe si yofanana ntchito. Lembani ndi choko polowera ndi potulukira, zunguzani polowera ka 10, muwerenge maulendo a potulukira, mufanizire ndi yakale kapena ndi chiwerengero cha mano ake. Onani mbali yozungulira: mukaima kumbuyo kwa thirakitala kuyang'ana nsonga ya PTO, imayenda ngati mivi ya wotchi, ndiye zunguzani yatsopanoyo momwemo muone kumene shafiti yopingasa ikulowera. Yezani kukula kwa shafiti ya mbali 6, mtunda wa pakati pa mabowo a mabawuti, ndipo ngati ndi ya mutu, dziwani ngati ndi wakumanzere kapena wakumanja. Yogwiritsidwapo kale ntchito itsegulireni pulagi musanalipire.

Pali kagiyabokosi kena kowonjezera kamene opanga angapo amagulitsa, kochepetsa liwiro la mitu kuti isonkhanitse udzu m'timizere madzulo, mame asaunyowetse wonse. Kameneka si kolowa m'malo mwa yapakati, ndipo kakaikidwa kutsogolo kwake kamafupikitsa mtunda wa shafiti. Pimaninso mapaipi aja.

Ulendo woyamba mukamaliza

Zunguzani ndi dzanja mpaka mitu yonse itazungulira kawiri, maso ali pa mikono. Kenako ilizeni injini ili pansi kwa mphindi 10 popanda udzu, pasakhale munthu pafupi chifukwa zala zimaponya miyala. Zimitsani, gwirani zigoba, yang'anani pansi pa ma seal. Mukalowa m'munda, udzu wongodulidwa kumene ndi wolemera, madzi ake amafika magawo atatu mwa anayi, ndiye pamenepo PTO ikhale pafupi ndi 540 koma thirakitala iziyenda pang'onopang'ono. Udzu ukayamba kuuma tsitsani PTO mpaka cha m'ma 400 kapena kucheperapo, makamaka pa lucerne, mbewu yodyetsa ziweto, amene masamba ake amayoyoka akamenyedwa, ndipo magiya nawo amapumako. Pakatha ola limodzi imani, mangitsaninso mabawuti a giyabokosi ndi a mikono, muonenso oyilo. Ine ndimalemba ndi penti pachigoba tsiku, mtundu wa oyilo, ndi thirakitala imene shafiti inapimidwira.